Chilembo Chimene Alamu Anameza

Ine matenda anga ndi okonza anthu pakamwa. Ndaphunzitsa Chipwitikizi pa shikola ya ku Furancungo kuyambira ndili mtsikana, ndiye khutu linazolowera moipa. Munthu akaphonya liwu, lilime langa limathamanga lokha mutu usanaganize. Ndakonzapo amayi ogulitsa tomato pamsika, ndakonzapo oitanira shapa, maminibasi akwathu kuno, tsiku lina ndinakonza katekista ali pakati pa kuwerenga. Amuna anga ankati ndidzakonza ndi maliro omwe ali m'bokosi.

Iwo ankayendetsa kamiyau, galimoto ya katundu ya eni ake, kunyamula kachewere ndi nyemba kuchokera kwawo ku Ntengo-Wambalame kupita nazo ku Tete, nthawi zina mpaka ku Beira. Asanandikwatire anakhalako ku Zimbabwe ndi ku Joni. Akazi anzanga amuna awo akachoka kuulendo ankawabweretsera nsalu. Ine ankandibweretsera mawu. Amafika fumbi lili mbuu m'nsidze, asanasambe n'komwe, n'kuyamba: “Apulofesola, lero ndakutengerani lina.”

Liwu limene ankalisaka kwambiri ndi la mwambo, ndipo chifukwa chake chinalipo. Kwathu ku Chidzolomondo ndife Achewa. Mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mwini mbumba ndi atsibweni, mlongo wa amayi. Kwawo ndi Angoni oweta ng'ombe. Akalowola mkazi, ana amakhala a kuchimuna. Pa ukwati wathu a kuchimuna anabwera ndi ng'ombe, atsibweni anga n'kuzilandira ndi manja awiri akuyesa ndi ulemu chabe. Mbali zonse zinabwerera kwawo zikunena kuti mwambo wayenda bwino. Ife awiri tinkaseka, poona kuti anthu agwirizana pa liwu limodzi aliyense akutanthauza zake.

Ndiye amuna anga anayamba kufunsa kulikonse kumene aima. Anandiuza kuti Ashona amati tsika, Azulu amati isiko. Aswahili obwera kudzagula nyemba anawapatsa awiri, mila ndi desturi, ati sankhani nokha. Azungu ambiri amangobwerekana liwu limodzi: Apwitikizi amati tradição, a ku Sipanya tradición, Afalansa ndi Angelezi nawonso n'chimodzimodzi, kusiyana mchira wokha. Tsiku lina anafunsa Mtchaina wogula matabwa, iye n'kuwauza ndithu, koma liwulo linawatayika panjira. Anafika nalo pakhomo litatsala phokoso lokha, ndipo mwana wathu anawaseka mpaka kugwa pansi.

Iwo ankati pa mawu onsewa lathu ndi losusuka kwambiri. Timati mwambo wa makolo, timati mwambo wa maliro, timatinso mwana wopanda mwambo. Liwu limodzi ntchito zonse, ngati khasu la m'nyumba ya mmphawi.

Inenso ndinali nacho changa chowauza. Padiri wokalamba amene anatiphunzitsa galamatika anatiuza kuti tradição inachokera ku Chilatini, ndipo tanthauzo lake loyamba ndi kupereka chinthu m'manja mwa wina. Pa muzu womwewo panaphukanso traição, kumene ndi kugulitsa mnzako. Kusiyana kwake ndi chilembo chimodzi, d, basi. Ana anga a m'kalasi amachigwetsa chaka ndi chaka, ine n'kumazunguliza ndi cholembera chofiira. Amuna anga atamva anati palibe chachilendo, Chichewa chathu chimatero nachonso. Timapereka mbale kwa mlendo, timapereka mwana ku ubatizo, komanso wophunzira uja timati anapereka Ambuye.

Mwana wathu ndi mmodzi, wamkazi. Nthawi imeneyo anali atangoyamba kumene kuwerenga yekha. Kunena zoona anali wopanda mwambo, ndipo anamuwononga ndi bambo ake. Ankanditchula kuti “iwe mama”. Ndikamachokera ku shikola ankandibisalira kuseri kwa nkhokwe ya aneba n'kundilumphira pamsana, mabuku a ana a eni n'kumwazika m'fumbi. Ndinkakalipa, koma iye ankadziwa kuti kukalipako n'kwa pakamwa chabe.

Amuna anga anamwalira mvula itangotha kumene. Anabwera kuulendo akudandaula pachifuwa, tinapita nawo kuchipatala, osabwerako. Anthu amandifunsa kuti ndinamva bwanji. Sindinamve kanthu. M'kati monse munangoti zii, ngati mwendo umene wakhalira nthawi yaitali. Tinanyamula thupi kupita nalo ku Ntengo-Wambalame, ndipo njira yonse ndinkayang'ana chingwe chimene anamangira bokosi, kudabwa kuti amene anamanga mfundoyo anaphunzira kuti. Kumanda akazi ankalira mondizungulira, ine maso ali gwa. Ndinamva mayi wina akunong'oneza mnzake kuti ophunzira salira.

Titameta, akuluakulu anatiitana kuseri kwa nyumba, pafupi ndi khola. Kunkazizira ngakhale dzuwa linali pamutu. Anandikhazika pamphasa, mutu uli mbee, mphepo ikundipweteka m'makutu. Mbali iyi kunali alamu, mkulu wawo wa amuna anga, ndi apongozi aakazi. Mbali inayo kunali atsibweni, amene anayenda ulendo wonse uja ndi jekete yobwereka. Mwana ankasewera ndi anzake kutsogolo kwa nyumba, ndipo mawu ake ankamveka pamwamba pa ena onse.

Alamu analankhula mofatsa, sindingawanamizire. Anati nyumba ya ku Furancungo saifuna, ziwiya sazifuna, kamiyau inali ya eni ake. Chimene akufuna ndi mwana. Anati ng'ombe zinapita, ndiye mwana ndi wa pakhomo pano, akulire pamene pali manda a bambo ake. Apongozi ankangopotokola nsonga ya nsalu, maso ali kumene kunkachokera mawu a mwana. Mwanayo anatengera bambo ake nkhope yonse, mpaka kampata ka m'mano.

Atsibweni anakana. Anati pa mwambo wathu mwana sachoka kwa mayi ake, ndipo mbumba ndi yawo. Alamu anati pa mwambo wathu mwana amatsata ng'ombe. Atsibweni anati mwambo, alamu anati mwambo. Ine ndinkangomvera liwulo likupita uku n'kubwerera uku, ndipo m'mutu mwanga munkadutsa mawu aja a amuna anga: tsika, isiko, mila, desturi. Ndinkayesa kukumbukira phokoso la Mtchaina lija, osalipeza. Nkhani ya mwana wanga inali kukambidwa pamaso panga, ine ndili kalikiliki kusaka liwu la Chitchaina.

Alamu anafunsa ngati atsibweni angathe kubweza ng'ombe. Atsibweni anayang'ana pansi, poti ng'ombezo zinapita kalekale ku feteleza wa fodya. Komabe mkuluyo sanagonje, ndimamuthokoza mpaka lero. Anati ng'ombe ndi ng'ombe, koma amene anabereka ali pompano, alankhule yekha. Akakana iye, nkhani ithere pomwepo.

Alamu ali ndi chizolowezi chimene amuna ambiri akwathu ali nacho. Akafuna kuti mawu alemere, amalumphira ku Chipwitikizi. Anatembenukira kwa ine n'kuti: “Mlamu, inu ndinu ophunzira, zinthu mumazidziwa. Isto é a nossa traição.”

Ankafuna kunena kuti uwu ndi mwambo wathu. Kaya ndi mano akutsogolo amene anawachoka, kaya ndi Chipwitikizi cha pamsika, koma d uja anamumeza. Khutu langa linamva. Zina zonse zinandidutsa, koma chilembo chosowacho ndinachimva bwinobwino.

“Tradição,” ndinatero. “Ndi tradição, alamu.”

Anawomba m'manja kamodzi. “Mwamva nonse. Mwini mwana wanena yekha kuti ndi mwambo.”

Atsibweni Chipwitikizi amangodziwa cha moni ndi cha mitengo ya fodya. Anandiyandikira n'kundifunsa chapansipansi ngati ndavomeradi. Funsolo ndinalimva. Ndinkadziwa kuti pakufunika liwu limodzi lokha, lalifupi, limene mwana aliyense amalidziwa. Koma pakamwa panali patatsekeka. Ndinkayang'ana nyerere imene inkakoka njere ya chimanga m'mphepete mwa mphasa. Atsibweni anadikira, anadikiranso, kenaka anavala chipewa chawo. Akazi a kuchimuna anayamba kundithokoza kuti ndine mkazi wa ulemu.

Anandilola kubwerera ndi mwana ku Furancungo kuti amalize chaka cha shikola. Anzanga akuntchito atamva anandikalipira. Ati lamulo la boma lili mbali yako, mwana wamng'ono salandidwa kwa mayi ake, maofesi ndi awa ali pamphuno pako. Ndinapitadi tsiku lina. Ndinakhala pabenchi pamodzi ndi anthu a milandu ya minda ndi ya mbuzi. Nthawi yanga itayandikira ndinaganiza zimene ndikanene: kuti ndinakonza liwu, anthu n'kumva kuti ndavomera. Ndinaona kuti pakufunika mphamvu zambiri kuti ndifotokoze zimenezo kwa munthu wachilendo, ndipo ndinalibe. Ndinadzuka n'kupita kumsika kukagula sopo.

Shikola itatsekera ndinamulongedzera zovala. Ndinachapa zonse, ndinasita, ndinasoka batani limene linathothoka pa diresi yake ya ku tchalitchi. Manja ankagwira ntchito bwino kwambiri masiku amenewo. Tinakwera shapa, kenaka ina, kumapeto mota, njinga yamoto. Iye ankayesa tikupita kukacheza. Njira yonse ankawerenga mokweza zolembedwa pa magolosale ndi kumbuyo kwa magalimoto, n'kumandigwedeza kuti ndimuyamikire.

Apongozi anatichingamira panjira. Anatambasula manja onse awiri, ine n'kutenga dzanja la mwana kuliika m'manja mwawo. Palibe anandikakamiza tsiku limenelo, palibe anandikoka. Ndinamupereka ndekha. M'mawa mwake ndikukwera mota, iye anathamanga n'kugwira nsalu yanga.

“Iwe mama, ubwera liti kudzanditenga?”

Ndinamuuza kuti azimvera agogo ake. Wa mota anali ataliza kale injini, ndiye sindikudziwa ngati anamva.

Masiku anangopita. Ndinkadzuka, kuphunzitsa, kubwerera, kudya chimene chapezeka. Pofika pa nkhokwe ya aneba msana unkadzikonzekera wokha, kenaka n'kukumbuka. Kumudzi kuja telefoni ili ndi alamu okha, ndipo imagwira munthu akakwera pachulu. Poyamba mwana ankalira pa telefonipo, ine n'kumamuuza kuti asalire, akuwononga ndalama za abambo ake aakulu. Kenaka anasiya kulira. Kenaka ankangoyankha zimene ndamufunsa. M'kalasi mtsikana wina analemba traição pofuna kulemba tradição. Ndinagwira cholembera chofiira nthawi yaitali, kenaka ndinangotsegula tsamba lina.

Sindinathe kupitako msanga. Mvula inadula msewu, itatha mvula kunabwera mayeso, ndipo mwina inenso ndinkaopa. Pamene ndinapita, kachewere anali atakumbidwa kale, matumba ali mbwee m'mbali mwa msewu kudikira makamiyau. Ndinamugulira nsapato, ndikungoyerekeza kukula kwa phazi. Nditatsika mota ndinayenda pang'onopang'ono dala, chikwama ndachigwirira kutsogolo kuti msana ukhale wopanda kanthu. Ndinadutsa khola, ndinadutsa nkhokwe, mpaka ndinafika pakhonde.

Apongozi anandilandira bwino. Anandiyalira mphasa yatsopano, ya alendo. Anali atanenepako, nkhope yawala, ndipo ndinaona kuti mwanayo wawabwezeradi moyo. Sindinathe kuwada, ngakhale ndinayesa. Anaitana kukhitchini kuti kwabwera alendo.

Mwana anatuluka atavala nsalu, atatalika, tsitsi lometedwa bwino. Ananyamula madzi m'kapu ndi manja awiri. Atatsala pang'ono kufika pamphasa anagwada, maondo onse pansi, maso pansi.

“Mwayenda bwanji, amayi?”

Apongozi anamwetulira n'kundiyang'ana. “Mwaona? Mwana ali ndi mwambo tsopano.”

Ndinamuuza kuti adzuke, abwere kuno. Sanadzuke. Anayamba wayang'ana agogo ake, ndipo agogowo atagwedeza mutu m'pamene anasendera n'kukhala kunsonga kwa mphasa, miyendo ataipinda mbali imodzi. Ndinamupatsa nsapato zija. Anawomba m'manja, analandira ndi manja awiri, anathokoza, n'kuziika pambali osaziyesa.

Ndinamufunsa za shikola, za anzake, ngati usiku samva kuzizira. Anayankha zonse bwinobwino. Anati inde amayi, ayi amayi, zikomo amayi. Ndinatchera khutu langa lija mpaka kumapeto, kudikira kuti mwina aphonya penapake, mwina “iwe” amupulumuka. Panalibe chokonza.