Biti Imene Anandisungitsa Okumba Mjigo

Tsiku limene chigalimoto chokumbira mijigo chinalowa m'mudzi mwathu kuno kwa Kanduku, ine ndinavula chitenje chapamwamba n'kuchiyala panjira kuti matayala apondepo. Anthu anandiseka, koma ndinalibe nazo ntchito. Tinali titatopa ndi madzi a pachitsime cha kudambo, amene tinkalimbirana ndi mbuzi, ndipo mwana wanga wachitatu anali atagonapo kawiri kuchipatala cha ku Boma chifukwa cha m'mimba. Ndinali nditaupempherera mjigo umenewu mpaka mawondo kuda.

Malo amene okumba mjigowo anayeza anali kuseri kwa nyumba yanga. Tsoka lake anabwera mochedwa, mvula itayamba kale. Anaboola tsiku limodzi lokha, mawa lake kunagwa chimvula chosaona phiri. Akapitawo awo, bambo wamfupi wa ndevu za imvi, anati akapanda kuthawa tsiku lomwelo galimoto ikhala kuno mpaka kukolola. Potuluka inatitimira m'matope, ndiye anatsitsa katundu wolemera kuti ipepuke. Itazuka anaponyeramo zonse mothamanga, koma chitsulo chimodzi chinali chitagubuduzikira pakhonde panga, ndipo dalaivala anakana kuimanso.

"Mayi, tisungireni biti imeneyo!" anakuwa akapitawo mutu uli pawindo. "Tibwera Lachiwiri!"

Lachiwiri linadutsa, Khirisimasi inadutsa, chimanga chinamasula mpaka kuuma.

Biti ndi mutu umene amamangirira kumapeto kwa mapaipi, umene umakakumana ndi mwala pansipo. Kutalika kwake kunali ngati mkono wanga kuyambira pachigongono, kulemera kuposa ndowa yodzaza madzi. Kumaso kwake kunali kotakata ngati mbale ya ndiwo, ndipo anakhomererako timabatani tachitsulo tobulungira ngati nzama, tina pakati, tina kuzungulira m'mphepete. Inalinso ndi mabowo awiri ndi tingalande totsika m'mbali. Amene anaipanga anakhala pansi ndithu, Mulungu awadalitse kumene ali.

Ndinaisunga bwino, pansi pa bedi, nditaifunditsa nsalu. Bambo a kunyumba atapunthwa nayo chala kawiri analamula kuti ituluke, ndiye inakhala chochirikizira chitseko. Woyamba kuchimwa ndinali ine. Tsiku lina posamba ndinakwecherapo chidendene, ndipo ming'alu ya zaka zambiri inatha sabata imodzi. Kulakwa kwanga kwachiwiri kunali kuwauza achemwali anga aakulu, amene amakhala kutsidya kwa mtsinje.

Titakolola, achemwali anatulukira m'mawa.

"Iwe, tandibwereka chitsulo chako chija. Ndikufuna ndizikhuzirapo chimanga, zala zanga zatha ndi kutong'ola."

"Si changa achemwali, n'cha eni ake."

"Nanga ine ndikachidya?"

Kwathu kuno sungam'kanize m'bale wako chinthu chimene chikungokhala pakhomo. Mtondo, sefa, nkhwangwa, zonse zimayenda. Ndinawasenzetsa ndekha.

Okumba aja anabwera mu Juni, kukuzizira, popanda uthenga. Anaimika mlongoti wa makina awo, naboola dothi lotsala m'mawa womwewo. Kenako phokoso linasintha, makina anayamba kulira ngati akupweteka, ndipo anazimitsa. Akapitawo anabwera pakhomo akupukuta manja.

"Mayi, biti yanga ija."

"Ilipo bwana. Yangotuluka pang'ono."

"Yatuluka? Yapita kumsika?"

Anandikokera pagalimoto kuti ndione ndi maso anga. Ananditulutsira biti ina ya mapiko atatu ngati makasu. "Iyi imapala dothi basi, pamwala ndi yachabe." Anatulutsanso ina ya mabatani osongoka, atatu atathyoka. "Iyi imathamanga pamwala wofewa, koma mwala wanu wa m'mapiri uno mwaona zimene wachita. Ija ndinakusiyirani mabatani ake ndi obulungira, alibe nsonga yoti ithyoke. Siidula mwala ayi. Imamenya, n'kutembenuka pang'ono, n'kumenyanso, ngati mmene mumasinjira inu mumtondo. Ndilibe ina. Ikapanda kufika pano pokwana 2 koloko, tikupasula. Midzi ina ikudikira, ndipo sindikudziwa kuti tidzabwerenso chaka chiti."

Amayi onse amene anabwera kudzaonerera anatembenukira kwa ine. Ndinamanga chitenje n'kuyamba kuthamanga.

Achemwali ndinawapeza akupeta. "Ii, chija? Chinandithandiza, mwana wa amayi. Nkhokwe yonse masiku atatu. Koma panopa anabwereka akulu ampingo a kwathu. Limu ya galimoto imene timaimba ngati belu inang'aluka."

Akulu ampingowo, bambo aulemu oyankhula pang'onopang'ono, anandikhazika pamkeka n'kundifunsa za aliyense wa kunyumba mmodzimmodzi.

"Chitsulo chija tinachipachika mumtengo wa mango," anatero. "Kuchimenya ndi hamala chimangoti di, ngati munthu wagwa pabedi. Akhristu sanamve, Sabata imeneyo tinapemphera anthu asanu. Sabata yotsatira nthambi inathyoka, pang'onong'ono chiphwanye phazi la mlaliki. Tinaona kuti si chifuniro cha Mulungu."

"Ndiye chili kuti abambo?"

"Ndinam'bwereka mkamwini wanga wootcha makala kuphiriko. Koma musanapite, mayi, tiyeni tiweramitse mitu."

Ine pemphero sindikana. Koma ndiulule, tsiku limenelo ndinatsegula diso limodzi kuyang'ana dzuwa. Ndinalapa pambuyo pake.

Mkamwiniyo ndinakumana naye pakati pa chitunda akutsika ndi matumba atatu a makala panjinga. Kumbuyo kwake kunkabwera fumbi ndi phokoso. Anali atamanga biti ndi chingwe ku kaliya, ikukwekwerezeka pansi ngati mbuzi yokana kupita kumsika.

"Mabuleki anatha chaka chatha, mayi," anandifotokozera. "Koma ichi mabatani ake amagwira pansi, njinga imatsika mwaulemu ngati mkwatibwi."

"Nanga pokwera?"

"Ndimachikweza pakaliya n'kukankha. Thukuta lokhalokha, koma chigwereni chitsulochi m'manja mwanga sindinagwepo."

Ndinamuuza zonse, za mwala, za 2 koloko. Anamvetsa, anamasula chingwe. Koma nditawerama kuti ndinyamule, anaikapo phazi.

"Pepani mayi, ine sindinabwereke kwa inu. Ndikakupatsirani panjira pano, apongozi akadzandifunsa ndidzati chiyani? Ndikabweze kumene ndinatenga."

"Ndiye kwezani panjinga tizipita!"

"Makalawa ndiwasiyire ndani? Ndiponso popanda ichi kumbuyo njingayi indipha. Inu senzani, ine ndizibwera pambuyo ndikukankha, ndikapereke ndi pakamwa."

Ndinapinda nkhata, anandisenzetsa. Abale, ndasenzapo nkhuni, ndasenzapo matumba opita kuchigayo, koma kulemera kwa chitsulo n'kwina, kumalowa mpaka m'mano. Tisananyamuke anamasula thumba limodzi n'kudzaza makala m'jumbo, poti chobwereka sichibwerera chokha. Jumboyo anandipatsa ine kuti ndigwire.

Kwa akulu ampingo ndinatula. Mkamwini ananjuta chapatali, naomba m'manja, nathokoza apongozi ake mawu ambirimbiri, mpaka kuwafotokozera maulendo onse amene chitsulocho chinamupulumutsa. Akulu ampingo analandira, nachiyang'ana uku ndi uku ngati chabwera bwino. Ndinati basi tsopano ndichitenge.

"Ayi mayi, ine ndinabwereka kwa achemwali anu. Dikirani ndivale jekete."

Jekete inasowa. Inapezeka itayanikidwa kuseri. Anathyolanso manachesi odzaza lichero, oti akathokozere. Anandisenzetsanso, tinauyamba: ine patsogolo ndi biti, akulu ampingo ndi lichero, mkamwini ndi njinga yake, poti anati afuna akaone kumene buleki yake ikathere.

Achemwali analandira mwansangala, anafuna kutiphikira tiyi. Ndinalira misozi yeniyeni. "Achemwali, dzuwa lapendeka! Ingonenani kuti mwandibwezera!"

"Pano? Anthu adzati ndinakulanda n'kukuitanitsa. Ndinabwereka pakhomo pako, ndikabweza pakhomo pako." Kenako anayamba kuthamangitsa nkhuku yoti andithokozere. Nkhuku inalowa pansi pa nkhokwe. Akulu ampingo anagwada ndi jekete yawo kuikola ndi ndodo, ine nditaima ndi chitsulo pamutu, chifukwa ndinadziwa kuti ndikatulanso sindidzukanso. Ndinkangoti chamumtima, Ambuye, mwala munaupanga ndinu, chitsulo ndinu, nkhukuyi ndinunso, tithandizeni.

Pamene tinkawoloka mtsinje ndinamva injini ikulira. Titakwera mtunda ndinaona mlongoti atagoneka kale, galimoto ikutembenuka. Kuthamanga sindikanatha. Ndinangodutsa m'munda mwa eni n'kukaima pakati pa msewu. Dalaivala anaimba hutala, ine osasuntha. Akapitawo anatsika.

"Mayi, ili pafupi 3 koloko."

"Ndi iyi bwana."

Anatambasula manja kuti anditule, koma achemwali analowa pakati, nkhuku ili m'khwapa. "Dikirani kaye bambo, sindinabweze." Ndiye tonse tinayenda mpaka pakhonde panga, akapitawo akutsatira kukamwa kuli yasa. Ndinatula, achemwali anakhala pansi, anati zikomo mng'ono wanga chitsulo chako ndi ichi, ine ndinati zikomo achemwali mwasunga bwino. Pamenepo ndinatembenuka n'kuti, "Bwana, katundu wanu uja munandisungitsa."

Bambo aja anakhala pansi pa dothi. Anaigubuduza biti, naiyang'ana kumaso nthawi yaitali.

"Mwaichita chiyani kuti iwale chonchi?"

Akulu ampingo anayang'ana kumwamba.

Anatenga mkombero wachitsulo n'kuyeza kukula kwake, nagwira mabatani a m'mphepete limodzilimodzi. "Awa ndi amene amasunga kukula kwa dzenje. Akanaperepeseka, mapaipi a mjigo sakanalowa. Ali bwino, kaya zatheka bwanji." Kenako anasuzumira m'mabowo muja n'kugwira mutu. Munali mutadzaza dothi la kuphiri ndi zitsononkho zophwanyika. "Izi ndi mphuno zake, mayi! Mpweya wa kompuresa umatulukira umu, n'kuuzira fumbi kuti likwere kudzera m'tingalandeti. Zikatsekeka imadzikwirira yokha pansipo."

Wamakala uja anawerama panjinga yake, nathyola sipoko imodzi. Tinatokosa mosinthana, ine, achemwali, ndi amayi ena awiri, mpaka akapitawo anauzira mbali ina fumbi n'kutulukira mbali inayo, kumaso kwa akulu ampingo. Akapitawo anayang'ana wotchi yawo, anayang'ana ine, khosi langa litakhota ngati la nkhanga. Anapukusa mutu.

"Imikaninso mlongoti," anauza anzawo.

Masiku awiri mudzi wonse unkanjenjemera. Mbale zinkayenda zokha pathandala. M'dzenje munkatuluka fumbi lotuwa, tonse tinayera ngati ogwira ntchito kuchigayo. Paipi ikatha ankalumikiza ina, mulu wa mapaipi ukuchepa, fumbi lili louma gwa. Tsiku lachitatu masana akapitawo anandikodola.

"Kwatsala mapaipi awiri. Akatha amenewa, ine mbali yanga ndachita. Paja amati inu mumapemphera?"

Ndinagwada pomwepo pafupi ndi makina, anthu onse anavula zipewa. Ndinayamba ndi kuthokoza, monga ndichitira nthawi zonse. Ndinathokoza chifukwa cha okumba ndi mabanja awo, chifukwa cha amene anaganiza zobulungiza mabatani, chifukwa cha achemwali anga ngakhale ali ouma mutu. Ndinali ndisanafike n'komwe popempha madziwo pamene ndinamva chinthu chozizira chikundimenya kumsana. Anthu anakuwa, ana anathamanga, nthungululu zinamveka mpaka kutsidya. Madzi amatope ankagwa ngati mvula, kulowa m'makutu, kutsika m'bulauzi.

"Mayi, dzukani, atuluka!" anakuwa akapitawo. "Mwanyowa!"

Ndinamva ndithu. Koma munthu sungadule mawu pakati ukuyankhula ndi Mwini wake, ndiye ndinatsinzinabe, ndikulavula matope, mpaka ndinafika pa Ameni.