Maso Anga ndi Cholembera cha Adona

Lachiwiri lina mu Meyi 1957, ndinkafufuta bolodi kusukulu yathu ya mishoni. Adona, mzungu amene ankatiphunzitsa, anandifunsa za cholembera chawo chimene chinasowa. Ndinagwada, maso pansi, monga anandilerera amayi.

"Ndiyang'ane! Wobisa maso ndi wakuba," anatero adona. "Mawa ndikufunsanso. Wakuba sakhala pano."

Ndinayesa kudzutsa mutu, koma khosi linakana. Kwathu ku Sinda, mwana woyang'ana wamkulu m'maso ndi wamwano. Anzanga ataona nkhope yanga anadziwa kuti sindinabe, koma adona ankaona zina pankhope yomweyo. Ndikanawafotokozera bwanji, poti Chizungu chinkandithawa ndikachita mantha?

Titaweruka ndinalemba m'kabuku kanga kuti mawa ndidzayang'ana pachibwano pawo, mwina adzayesa kuti ndikuwayang'ana m'maso.