Botolo la a Bizweki

Achimwene anga a Bizweki anabadwa ndi miyendo yabwino ndi mutu wouma, ndipo pa ziwirizi chimene chinakhwima msanga ndi mutuwo. Kwathu kwa Kuntumanji, m'mbali mwa sikimu ya mpunga ya Likangala, panalibe wowaposa pa mpira. Ankasewera kutsogolo, opanda nsapato, ndipo akamenya mpira goloboyi ankayamba wakumbukira Mulungu wake. Koma mawu akuti "ndadwala" sanatulukepo pakamwa pawo. Malungo akawagwetsa ankati akungopumula.

Ife a kunyanja ya Chilwa tinakulira m'madzi. Kuwoka mpunga m'madzi, kugwira matemba m'madzi, kusamba m'ngalande za sikimu. Choncho likodzo linali ngati mnansi woti simumupatsanso moni. Anyamata ankati mwamuna akayamba kukodza magazi ndiye kuti wakula. Ambiri ankazisiya zimenezi nzeru zikabwera, koma achimwene anakwatira nazo. Alamu anga a Elenala atandinong'oneza kuti magaziwo sakusiya, ndinawafunsa, iwo n'kundiseka.

"Magazi andichulukira, achemwali. Thupi likungotaya otsala."

Ankanena zimenezi kabudula akuwavuka m'chiuno.

Goloboyi wa timu yathu anali a Fanuelo, munthu wamantha woti sindinamuonenso. Madzi akumwa ankawiritsa, kumunda ankapita atavala majombo ngakhale dzuwa liswe mtengo, ndipo akayetsemula kawiri ankayamba kutsanzika abale. Manthawo ndi amene ankatipulumutsa. Mpira uliwonse ankauona ngati ngozi ikubwera, kotero sankauchotsa diso, ndipo kuwamwetsa chigoli inali ntchito yakalavulagaga.

Chaka china timu yathu inasankhidwa kukasewera ku Zomba pa chikondwerero cha ufulu. Kunamveka kuti akuluakulu a matimu a m'tauni akabwera kudzasankha osewera. Achimwene anaona kuti njira yotulukira m'matope a mpunga ndi imeneyi, ndipo ankayenda ngati afika kale. Apampando a chipani kwathu, a Dunstan, analengeza kuti kugonja kukakhala kunyoza chitukuko.

Tsikulo likuyandikira, kunabwera a Makisoni azaumoyo ndi bokosi la timabotolo kudzayeza likodzo. Anati wopezeka nalo amwa mapiritsi amphamvu, ndipo asagwire khasu kapena kuthamanga mpaka atamaliza. Apampando anawonjezera kuti wokana kuyezetsa ndi chimodzimodzi wokana kugula khadi la chipani. Apa panalibe pothawira. Amuna onse anazungulira kuseri kwa shedi ya mpunga, aliyense n'kubwera ndi botolo lake, n'kuliika pa benchi pamwamba pa kapepala ka dzina lake. A Makisoni atatembenuka kukalankhula ndi amayi, achimwene ananyamula botolo lawo n'kuliika pa dzina la a Fanuelo, la a Fanuelo n'kuliika pa lawo.

Zotsatira zitalengezedwa, a Fanuelo anagwira kumutu.

"Ndimadziwa ine! Ndimadziwa kuti chilipo chikundidya!"

Botolo lawo analiona ndi maso awo kuti linali loyera, koma munthu wamantha amakhulupirira adokotala kuposa maso ake. Anakayala mphasa tsiku lomwelo. Mapiritsi anamwa onse osaphonya, akusanza, akubuula, akazi awo akulira pakhomo ngati pagwa maliro. Pomwe achimwene, a Makisoni anawaimiritsa pamaso pa anthu n'kunena kuti onani, munthu wokhalira m'madzi koma thupi lake lilibe kanthu, uku ndiye kudzisamala. Anthu anawomba m'manja, achimwene n'kugwada pang'ono molandira ulemu. Mpaka lero ndikakumbukira ndimapsa mtima.

Ku Zomba tinapita pa lole, amayi tikuimba njira yonse. Pagolo apampando anaikapo mphwawo Lyson, amene chiyambire anangogwirapo nkhuku. Anyamata a m'tauni anazindikira msanga, ndipo ankangomenyera patali. Ife tinasiya kuwerenga zigoli, tinasiyanso kuimba.

Achimwene anayamba bwino, ndisaname. Koma chigawo choyamba chisanathe anali akupuma ngati mvukuto, manja ali m'mawondo. Chigawo chachiwiri mwayi unabwera. Goloboyi wa m'tauni anaterereka, mpira unagubuduka wokha pakamwa pa golo, ndipo woyandikira anali iwo. Ngakhale ine ndi chitenje changa ndikanagoletsa. Anathamanga pang'ono, miyendo inakana, anakhala pansi khwaa, mpira n'kuwadutsa pamphuno. Akuluakulu a matimu aja ndinawaona akuseka.

"Udzu wa m'tauni ngoterera," anatero achimwene pa lole pobwerera. 

Mvula itayamba, achimwene ankalephera kufika kumunda osapumira panjira. Ine ndi alamu tinawakoka mpaka kuchipatala chaching'ono kumene a Makisoni ankagwira ntchito. Achimwene anatiletsa kulowa nawo, koma ine ndinaima pawindo.

"Ee, a Bizweki, ngwazi yathu!" anatero a Makisoni. "Mukudziwa kuti ndikamaphunzitsa m'midzi ndimatchula dzina lanu? Anzanu a Fanuelo ndawaona, anenepa bwino. Lero mwatibweretsera ndani wodwala?"

Pankafunika mawu ochepa chabe. Ndinawaona achimwene akupotokola chipewa m'manja, milomo itayera mbuu. Mumtima ndinkati nenani, nenani achimwene.

"Ndimangodutsa, adokotala. Ndati ndikupatseni moni."

Pobwerera anakhala pansi pa mtengo wa mango kuti apeze mpweya, ndipo ndi pamene anatiuza za mabotolo aja. Sankalapa ayi, ankatiuza kuti tione kuchenjera kwawo. Tinawakalipira, tinawachonderera, tinawanenera kwa amalume, koma ankati akaulula anthu adziwa kuti amene anachititsa kuti timu igonje ndi iwo, ndipo apampando sangawasiye. Pamenepa mwina ankanena zoona. Koma chipatala china chinalipo ku Zomba, ndipo kumeneko ankati sangapite chifukwa cha udzu uja.

Mpira sanasewerenso. Ankakhala pambali pa bwalo n'kumakalipira anyamata kuti ndi ofooka, amadya chiyani masiku ano. Miyendo ija inatupa, nkhope inatha, ndipo anatisiya ana awo asanakule. Ndinawalira kwambiri, chifukwa kupatula kuuma mutuko anali munthu wokoma, wosadya yekha.

Mmodzi mwa onyamula bokosi anali a Fanuelo, onenepa, majombo awo ali kuphazi. Kumanda anapempha kuti alankhulepo pang'ono. Analangiza achinyamata kuti asamaope chipatala, chifukwa iwo ali moyo lero kaamba koti anayezetsa msanga n'kumaliza mankhwala onse. Anthu anavomereza ndi mitu. Ine ndi alamu tinangoyang'ana pansi.