Vinyo wa apongozi anga ku Katawa

Nthawi ya Federesheni ndinali kalaliki wa boma ku Mzuzu, wodzimva ngati kamzungu. Apongozi anga ku Katawa anali ndi kamunda ka mpesa, ndipo banja lonse linkafinyira zipatsozo m'mitsuko osathiramo mankhwala. Ine ndinawanamiza kuti vinyo ndimamudziwa, ndimamwa ndi mabwana.

Tsiku lina apongozi aamuna anandipatsa chikho chodzadza. Ndinanunkhiza, kutsinzina, n'kumwa mpaka mano kuyayamira.

"Vinyo weniweni ndi ameneyu, bambo. Azungu amafuna wotere."

Pomwepo apongozi aakazi anafuula kuseri kwa nyumba. "Madzi otsukira mtsuko aja watenga ndani?"

Madalawo sanaseke. "Yewo chomene, akalaliki. Tikuwonjezereni?"

Chitsiru ine, poopa manyazi, ndinavomera, n'kumaliza chikho chachiwiri.