Mudzi poyamba, dzina pambuyo

Amalume anga, a Rabson Chimkwita, akhala mlembi wa mpingo wathu kufupi ndi Nsaru kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Ndawafunsa kawiri, kuopa kulemba zabodza. Amalima mtedza, njinga yawo ilibe buleki yakumbuyo, ndipo m'kaundula salemba dzina la munthu lokhalokha. Amayamba ndi mudzi wake, poti a Elizabeti Banda tili nawo atatu.

Maso atayamba kuwavuta, akulu a mpingo anati kaundulayo apatsidwe wina. Amalume anapempha kuti akhale ine, akuluwo n'kuti ayambe aona ntchito yanga pa ubatizo wa ana. Ine, wobwera kumene kuchokera ku koleji ndi laputopu, ndinalemba pulogalamu ya pakompyuta yosunga mayina.

"Mudzi wauika pati, Caleb?"

"Kompyuta sisokonezeka, amalume."

Ndinayankhadi choncho, ndipo anthu analipo.

Loweruka m'mawa, abusa akubwera mawa lake, pulogalamu inakana kutulutsa mayina a ana. Ndifotokoze bwinobwino. Chiyankhulo cha kompyuta chomwe ndinalembera, Python, chili ndi zinthu zake zobadwa nazo, chilichonse ndi dzina lake. China chimatchedwa list, chosungira zinthu mumndandanda. Ine ndinapanga changa, n'kuchitchanso list. Pulogalamu ikaitana list, kumabwera changacho, chosadziwa ntchitoyo.

Ndinazindikira zimenezi dzuwa litapendeka. Amalume anali pakhonde akuswa mtedza, ndipo ndinawalongosolera monga mmene munthu amaululira tchimo.

"Ndiye waitana Elizabeti m'tchalitchi, n'kuimirira wina, eti?"

"Si choncho kwenikweni, amalume, chifukwa..."

"Ndi choncho. Chakocho kwawo n'kuti?"

"Chilibe kwawo."

"Chipatse kwawo."

Ndinachiika m'fayilo yakeyake, n'kuitcha mpingo, kuti pochiitana ndizinena mpingo.list. Buku lathu la ku koleji limanena zomwezo pa tsamba limene ndinalipinda osaliwerenga. Mayina anatuluka, khumi ndi anayi. Amalume anawayerekeza ndi a m'kaundula, mphuno itatsala pang'ono kugunda pepala, kenaka anandiuza kuti ndiwonjezere midzi. Sindinatsutse.

Lamulungu ana onse anabatizidwa, aliyense m'manja mwa mayi wake weniweni. Titaweruka, amalume anandipatsa kaundula pamaso pa akulu, atamukulunga m'pulasitiki ya shuga.

"Mwanayu ali ndi digiri," anatero, "koma ntchitoyi waiphunzira dzulo. Muzimuyang'anira."

Akuluwo anavomera. Pa kundiyang'anira ndiye anavomera mofulumira kwambiri.