Zikhomo za Bambo pa Njanji Yakale

Bambo anga anabwera ku Indiana mayi atangomwalira. Ndinawaitana ndine, ndipo mlandu umenewo ndimausenza ndekha. Nthawi imeneyo ndinkakhala m'kaunti ina ya kumidzi, kumwera kwa South Bend, ndikugwira ntchito kunyumba yosamalirako okalamba. Nyumba ndinapeza yotchipa pakati pa minda ya chimanga ndi soya, kumene munthu wopanda galimoto ndi mkaidi.

Kwathu ku Ntcheu bambo anali mlangizi wa zaulimi, ndipo moyo wawo wonse anathera pa chishalo cha njinga. Galimoto sanaphunzire, komanso maso anali atayamba kuchita nkhungu. Ndinawagulira njinga yakale, anapalasa masiku atatu okha. Msewu wathu unalibe mphepete, phula likangotha ndi ngalande. Tsiku lachitatu chilole cha chimanga chinawadutsa pafupi, mphepo yake n'kuwaponyera m'ngalandemo. Anafika akukankha njinga, bondo likuchucha magazi. Njingayo ndinaimanga ndi loko m'galaja, kiyi n'kuponya m'chikwama changa. Kuchokera apo ankangokhala pawindo. Ine ndinkasambitsa makolo a eni tsiku lonse, wanga akufota pampando.

Kuseri kwa nyumba yathu kunkadutsa njanji yakale. Zitsulo anazula kalekale, kunangotsala mzere wa tchire wolunjika kutauni yaing'ono kumene kunali sitolo ndi laibulale. Tsiku lina ndinaona chikalata choti kaunti, yomwe ili ngati khonsolo kwathu, ikufuna kusandutsa mzerewo kukhala njira ya njinga ndi oyenda pansi, ndipo anthu akuitanidwa ku msonkhano. Nditawauza, bambo anasita jekete.

Kumsonkhanoko mayi wina wa ku ofesi ya mapulani anaonetsa mapu. Anati boma la steti ya Indiana lipereka ndalama zambiri, bola kaunti iikepo mbali yake. Alimi ena anakana kuti safuna anthu achilendo kuseri kwa makola awo, ena anati milatho iyambe yakonzedwa. Bambo anandikodola.

"Ndiye vuto lili pati?" ananong'ona. "Sukulu ya kwathu ija boma linangobweretsa malata ndi simenti. Njerwa tinaumba tokha."

"Kuno sizitero, bambo," ndinatero. Ndinali nditatopa, ndipo sindinawafotokozere kuti mbali imene akunena apa ndi ndalama za m'bajeti, osati thukuta.

Bambo anaimirira, n'kunena m'Chingerezi chawo cha ku ofesi kuti iwo mbali yawo apereka ndi manja. Anthu anawomba m'manja mwaulemu, mayi uja n'kuwathokoza. Azungu akuno amawombera m'manja ngakhale mwana wolakwitsa nyimbo. Koma kwathu anthu akawomba m'manja pamsonkhano wa chitukuko ndiye kuti nkhani yatha, mawa aliyense abwere ndi khasu.

Anatenga chikwanje chimene ndinkasadzira zitsamba kukadimba kanga. Ndikangonyamuka m'mawa, iwonso ulendo. Kwa masabata awiri ankadya n'kupempha zina, akusamba ankaimba nyimbo za kutchalitchi. Zisoso za pabuluku lawo ndinkaziona. Ndinadziwa, koma ndinatseka pakamwa, chifukwa bambo anga anali atabwerera mwakale.

Kenako foni inalira ndili kuntchito. Anali apolisi. Mlimi wina anawaimbira kuti kuseri kwa munda wake kuli munthu wakuda ali ndi chimpeni. Ndinathamangitsa galimoto. Ndinapeza bambo atakhala pansi, manja pamaondo, chikwanje chili pa boneti ya galimoto ya apolisi. Wapolisiyo sanali waukali. Anandiuza kuti malowo sanakhale a kaunti, akadali pa mkangano pakati pa kampani ya njanji ndi alimi, ndipo akadzawapezanso pamenepo adzawamanga.

"Mwana wanga, auze kuti sindikuba," anatero bambo. "Ndikungokliya njira yawo yomwe. Paja anaagriya onse."

Kumbuyo kwawo njira inali mbee, yowongoka. Uku ndi uku anakhoma zikhomo n'kukoka chingwe, monga ankachitira poyeza akalozera m'minda ya anthu. Ndinalira pamaso pa wapolisi, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati anali manyazi kapena ukali.

Kaunti sinaikepo mbali yake. Nthawi yofunsira ndalama za steti zija inadutsa. Ndinkaimba ku ofesi ya mapulani, mayi uja n'kumandiuza mwachisoni kuti komiti ikufuna kafukufuku wina, mwina adzayesanso chaka chamawa. Bambo ankandidikira pakhomo.

"Aaplayanso?"

"Apostiponanso, bambo."

Fisi akatola fupa sadyera pomwepo, bambo ankatero podzilimbitsa mtima, kuti mwina akukonza zinthu mwakachetechete. Ine ndinkadziwa kuti palibe fupa lililonse. Chipale chofewa chinagwa n'kusungunuka zaka zitatu. Tinasamukira ku Lawrence, ku Indianapolis, pafupi ndi ntchito yatsopano, m'nyumba ya pamwamba. Kumeneko njira za njinga zilipo ndithu, zosalala bwino, koma maso a bambo anali atatheratu. Njinga ija ili pakhonde, matayala aphwa, ndipo kiyi akadali m'chikwama changa.

Chilimwe chathachi tinkapita ku chinkhoswe ku South Bend, bambo n'kundipempha kuti tipatukire kunyumba yakale. Ndinaimika galimoto pamene njanji imadutsa msewu. Anatsitsa galasi, nkhope n'kulozetsa kuthengo.

"Ayamba?"

"Sanayambe."

"Nanga zikhomo zanga zilipo?"

Ndinayang'ana. Tchire linali litatseka paliponse, mitengo yaminga yondiposa msinkhu. Panalibe chosonyeza kuti munthu anagwirapo ntchito.

"Zilipo, bambo."

Anagwedeza mutu movomereza, n'kukweza galasi. "Basi. Akadzayamba sadzavutika kuyeza."