Dauda Telala ndi Kabuku ka Udzudzu

Dauda anali telala wa pakhonde la sitolo ya Mmwenye ku Luchenza, pafupi ndi njanji. Ankasokera anthu othyola tiyi m'minda ya Azungu ku Thyolo, ndipo kuwerenga Chinyanja anakuphunzira atamera kale ndevu.

Poyamba chilichonse chosindikizidwa ankachimeza chosatafuna. Mwana wake woyamba, Nuru, atadwala malungo, Dauda anagula botolo la mankhwala lomatidwa pepala lolonjeza kuchiza nthenda zonse. Nuru anamwa mpaka dontho lomaliza, koma anamwalira dzinja lisanathe. Kuyambira pamenepo mapepala ankangokulungira mabatani.

Cha m'ma 1930, a Edisoni, othandiza dokotala pachipatala cha mishoni, anadzasoketsa malaya, nasiya kabuku konena kuti malungo amabwera ndi tizirombo timene udzudzu umanyamula. Pobwera kudzatenga malayawo anapeza Dauda atakawerenga, nkhope ili gwa.

"A Edisoni, tizirombo timeneti munationapo ndi maso anu?" anafunsa Dauda.

"M'magazi a odwala ndinationa, pagalasi lokuza zinthu. M'mimba mwa udzudzu ayi. Apo ndikukhulupirira amene anautumbula."

"Nanga ngati ananama?"

"Analemba mmene anachitira, kuti wokayika abwereze. Ena anabwerezadi kumayiko ena, napeza zomwezo."

Dauda anayenda wapansi mpaka kuchipatalako kukasuzumira pagalasi lija. Anangoona timadontho tobiriwira; kuti n'tamoyo kapena n'fumbi, sakanalumbira. Chimene chinamufewetsa mtima n'chakuti kabukuko kankavomera kuti pali zina zimene madokotala sanazidziwebe. Wabodza, iye anaganiza, savomera umbuli.

Anagula nsalu yopyapyala nasokera ana ake masikito. Mkazi wake, Asiyatu, anakana kwamtuwagalu, nati sangagoneke ana amoyo m'nsalu yoyera ngati sanda ya maliro. Dauda sanatsutse. Anainyika m'madzi a tiyi mpaka inafiira, ndipo Asiyatu anaipachika yekha.

Dzinja limenelo mwana wawo mmodzi anadwalabe malungo, nachira ndi mankhwala a kwinini. Anzake a Dauda atamuseka, iye sanabise kanthu. "Nsaluyi imachepetsa, sithetsa," ankatero, ngakhale kwa odzagula masikito kwa iye.

Koma pamene kabukuko kankalamula kudula nthochi zapafupi ndi nyumba popanda kunena amene anayesa, iye anakana. Anangokwirira zithaphwi, nthochi nazisiya. Ana ake otsala anakula onse, ndipo wamkazi, Mwajabu, ndiye anatenga makina osokera atate wake atafooka maso.